A Filipo ndi Nyumba ya Kukhonje ku Kawe

A Filipo Kadammanja ndinawadziwa m'chaka cha 1989, pa ulendo wanga woyamba wopita ku Dar es Salaam kukapikula zitenje. Masiku amenewo njira za ku Mozambique zinali zitatsekeka ndi nkhondo, malole a kwathu ankadzera ku Songwe, ndipo ife amayi a geni tinkapempha malo m'malole omwewo. Ndikunyamuka ku Lilongwe, mayi anga anandipatsa kapepala kokhala ndi dzina la msuweni wawo, a Eveles, amene anakwatiwa ndi a Filipo, munthu wa kwathu ku Ntcheu, n'kupita nawo ku Tanganyika ine ndisanabadwe. Pansi pa dzinalo panali mawu awiri okha: Kawe, kukhonje.

Nditatsika daladala, minibasi ya kumeneko, ku Kawe ndinafunsa mayi wina wogulitsa nsomba zokazinga. Chiswahili changa chinali cha moni basi, koma nditangotchula dzina la a Filipo anati, "Mzee Mnyasa," kutanthauza mkulu wa ku Malawi, akuloza kanjira kokwera kamtunda. Pamwamba pake panali chinyumba chachitali cha malata adzimbiri, khonde lozungulira mbali zonse, nsanamira zonenepa zoti munthu mmodzi sakanazikumbatira. Minda ya khonje inali itasanduka tchire. Pakhonde panayanikidwa zovala za mabanja atatu. Ndinaodira mwa kwathu, ndipo kuseri kunatuluka bambo wamfupi wa imvi, manja ali ufa wokhawokha. Atamva Chichewa anaitana: "Amayi ake Christopher, tulukani, kwabwera anthu a kumudzi."

Kuyambira pamenepo ndinkafikira pomwepo kawiri kapena katatu pachaka, n'kumagona pamphasa m'kanjira ka kukhitchini. Ndinkawaitana amalume ndi azakhali, iwo n'kumanditchula dzina langa, Tiwale, ngati mwana wawo. Mbiri yawo ndinaimva pang'onopang'ono, amalume akukanda ufa.

Anafika ku Kawe mu 1955 ali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, atalembedwa ntchito yodula khonje pa esiteti ya Mgiriki wina. Anadula miyezi isanu yokha. Munga unawalasa pachikhato, dzanja linatupa, ndipo kapitawo anawatumiza ku nyumba ya bwana kuti azikagwira timantchito ta kuseri mpaka bala lipole. Bala linapola koma kumunda sanabwererenso. Anakhala wosonkha moto, kenako wotsuka mbale, woperekera chakudya, mpaka khukhi. Kumudzi anapitako kamodzi kokha, mu 1959, kukatenga a Eveles. Boma litatenga maesiteti Mgiriki uja anachoka, m'nyumbamo n'kumalowa mamanijala a kampani ya boma, wina pambuyo pa mnzake, ndipo aliyense ankapeza a Filipo m'khitchini monga ankapezera sitovu. Womaliza anasamuka mu 1983, msika wa khonje utafa. Kampani inagawira nyumbayo mabanja awiri a antchito ake, ndipo a Filipo anangotsala momwe analimo, m'khitchini ndi m'kachipinda kosungiramo zakudya. Palibe amene anawauza kuti ntchito yatha. Malipiro anangosiya kubwera. Anayamba kuphika masikono ndi buledi m'sitovu yakale ya nkhuni, azakhali n'kumakagulitsa kumsewu, ndipo ndi zimene zinkawadyetsa.

Amalume anali munthu waukhondo mpaka kutopetsa. Supuni iliyonse inali ndi msomali wake, ndipo ukaipachika pena ankaisuntha mwakachetechete iwe ukuona. Sankakweza mawu. Azakhali ndi amene anali olongolola. Ankawaseka kuti anakwatiwa ndi munthu amene amapepesa ngakhale nkhuku akaiponda.

Nyumbayo inali yodzaza ndi tinthu tomwe ntchito yake ankaidziwa amalume okha. Ana a m'nyumbamo, ngakhale makolo awo, ankangotiona ngati zolakwitsa za amisiri akale. Lamlungu lina titachokera ku tchalitchi anandiyendetsa nyumba yonse. Kudenga la chipinda chachikulu kunali mbedza ziwiri zachitsulo, ndipo kukhoma, chakumwamba, kabowo kotulukira pakhonde. Ananena kuti pambedzazo ankapachikapo thabwa lalitali lokhala ndi nsalu yolendewera, chingwe chake n'kudutsa pa kabowo kaja. Munthu ankakhala panja n'kumakoka chingwecho kuti azungu akamadya azimva kamphepo, ndipo ankamuika panja dala kuti asamve zokamba zawo. Tsikulo pambedza imodzi panali mkoko wa nthochi. M'kachipinda ka zakudya, pansi, munali tizikho tinayi ta simenti momwe munkaima miyendo ya kabati ya nyama. Ankathiramo madzi ndi parafini pang'ono kuti nyerere zisakwere. Ana ankaponyeramo timiyala posewera. Kuseri kunali mgolo wachitsulo wogonekedwa pa njerwa, pansi pake posonkhera moto, paipi yake yolowa m'bafa. Madzi otentha a bwana ankachokera pamenepo, m'dziko lomwe ngakhale madzi a pampopi amatuluka ofunda.

Titafika kuseri kwa chimbudzi anaima. M'munsi mwa khoma munali kachitseko kachitsulo kolekeza m'mawondo, kogwirana ndi dzimbiri. Anakagogoda ndi chala cha kuphazi n'kundifunsa ngati ndikudziwa ntchito yake. Ndinati mwina n'kolowera mphaka. Sanaseke. Anati kuseri kwake kunkakhala chidebe, pansi pa mpando wa bwana, ndipo m'mawa uliwonse munthu ankatsegula, kusolola chidebecho, kukataya kudzenje, kutsuka, n'kubwezera. Munthuyo sankayenera kuonedwa ndi a m'nyumba, n'chifukwa chake chitsekocho chinali panja.

"Ntchito yanga yoyamba panyumba pano inali imeneyi," anatero. "Miyezi isanu ndi itatu. Kumudzi ndinkalemba makalata kuti ndili m'khitchini. Azakhali akowa anadzadziwa Christopher atabadwa kale."

Mu 1991 ndinapeza zinthu zitasintha. Azakhali anagwa ali kumsewu ndi dengu la masikono, ndipo kuchipatala anachokako mbali yakumanzere itafa, pakamwa patapotoka, mawu atatha. Ankamva zonse, maso awo ankayankha, koma chotuluka pakamwa chinali kubuula kokha. M'kachipinda kawo munkalowa utsi ndi kutentha kwa sitovu, moti ankangokhalira thukuta ndi chifuwa. Amene anathandiza ndi mayi Mwanaharusi, omwe banja lawo linkakhala m'chipinda chodyera chakale. Anasuntha mabedi a ana awo, anatchinga ngodya imodzi ndi nsalu, n'kunena kuti odwala agone pamenepo, pansi pa kazenera.

Kazenerako kanali pakhoma la pakati pa khitchini ndi chipinda chodyera, ndipo kankatsekedwa ndi kathabwa kokankha. Kale a Filipo ankaperekerapo mbale za chakudya kuti fungo la khitchini, ndi khukhi yemwe, zisafike patebulo. Kanakhala kokhomedwa ndi misomali zaka zisanu ndi zitatu. Amalume anazula misomaliyo, ndipo kuyambira tsikulo ankakanda ufa maso ali pa akazi awo. Phala linkadutsa pomwepo, tiyi, kansalu konyowa kopukutira kumaso. Ankawafotokozera zonse zimene akuchita, kuti ufa wakwera mtengo, kuti nkhuni zalero n'zonyowa, ngati kuti tsopano inali nthawi yawo yolongolola.

Vuto linali akatuluka kukawaza nkhuni kapena kuchapa. Ndiye anakumbukira belu. Pansi pa chipinda chodyera, pomwe pankaima tebulo, panali kabatani kamkuwa kokwiririka ndi litsiro. Dona ankakaponda ndi phazi akafuna kuti mbale zichotsedwe, alendo osaona. M'kanjira komwe ndinkagona munali bokosi la galasi la timazenera tisanu ndi kamodzi, kalikonse ndi nambala yake, ndipo belu likalira kambendera kankagwa kusonyeza chipinda chomwe aitana. Linali litasiya kulira kalekale. Mwana wawo Christopher, amene ankagwira ntchito mosungira katundu wa kampani kudoko n'kumakhala ku Tandale, dera lina la m'tauni momwemo, ndi mkazi ndi ana atatu, anatha Malamlungu awiri ali m'denga kulondola mawaya. Analumikiza ndi batire yakale ya galimoto, n'kusuntha matiresi kuti chidendene chakumanja cha mayi ake chifike pa kabataniko.

Tsiku limene linalira ndinalipo. Amalume anali atatuluka dala kukaima pamgolo. Atamva belu anabwera chothamanga, anayang'ana pabokosi, anaona nambala 2, anaima pakhomo la chipindacho manja ali kumbuyo, n'kunena mwaulemu wonse kuti, "Mwaitana, dona?" Azakhali anaseka ndi mbali imodzi ya pakamwa mpaka misozi. Anakhala motero zaka zitatu.

M'tauni zinthu zinali kusintha. Ulendo uliwonse ndinkapeza masitolo atsopano ku Kariakoo, mafiriji, mawailesi a kanema, kaunjika milumilu, timaofesi tosinthira ndalama pangodya iliyonse. Kwa ife a geni inali nthawi yabwino, sindingabise. Koma makampani a boma ankagulitsidwa imodziimodzi. Mu 1993 Christopher anachotsedwa ntchito pamodzi ndi anzake ambiri, ndipo chaka chotsatira esiteti nayo inapeza wogula.

Wogulayo a Filipo sanamuonepo. Amene ankabwera anali womuimira, bambo wa malaya oyera wotchedwa Laurent. Anali waulemu, ankapereka shikamoo, moni wa ulemu wa kumeneko, kwa akuluakulu onse asanatsegule chikwama chake. Anafotokoza kuti malo adulidwa mapuloti, ndipo nyumbayi isanduka malo odyera ndi kumwera, poti pakhonde pamaoneka nyanja. Anawerenga mayina a antchito a kampani okhala m'nyumbamo, oyenera kupatsidwa miyezi itatu ndi galimoto yosamutsira. Mayina anali awiri. La a Filipo panalibe. Kampani sinkadziwa za ntchito ya khukhi. Manijala aliyense ankawalipira za m'thumba mwake, ndipo palibe amene anawasiyira kalata.

A Filipo anayenda m'maofesi masiku anayi. Ku likulu la kampani anapeza m'katimo akugulitsa matayala. Mlonda anawalozera ku ofesi ina, kumene anakhala pabenchi tsiku lonse, mawa lake n'kuuzidwa kuti mafayilo a esiteti anapita ku ofesi yachitatu. Kumeneko kalaliki anamvetsera nkhani yonse, kenako, atamva katchulidwe ka Chiswahili chawo, anawafunsa komwe anabadwira. Atanena kuti ku Nyasaland, anafunsidwa chikalata cha unzika. Anatulutsa khadi la chipani, khadi la ubatizo la Christopher, ndi chithunzi chomwe anajambulitsa ndi manijala wachiwiri. Kalalikiyo anawabwezera zonse n'kuwalangiza motsitsa mawu kuti munthu wopanda chikalata asamayendeyende m'maofesi kukadziulula yekha. Sanapitenso.

Nditafika mu Ogasiti ndinawauza kuti ndilankhula ndi dalaivala wa lole kuti tiwatenge onse awiri kupita kwathu. Anapukusa mutu n'kundifunsa kuti ndikawatsitsa pakhomo pa yani. Abale awo onse anali atamwalira, minda ya kwa azakhali inagawidwa kalekale kwa adzukulu omwe sanawaonepo, ndipo munthu wosatha kukhala tsonga sakanapirira masiku atatu pamwamba pa katundu, kukwera mapiri onse aja. Ine ku Lilongwe ndinkachita lendi zipinda ziwiri ndi ana anayi. Nkhaniyo inathera pomwepo.

Mabanja awiri aja anasamuka sabata yomweyo. Mayi Mwanaharusi anagwada pamatiresi, anawapaka azakhali mafuta kumapazi, anawauza pole, kapena kuti pepani, kangapo, n'kutuluka akupukuta m'maso ndi nsonga ya nsalu. Laurent anachita chifundo chomwe akanatha. Anawalola a Filipo kukhalabe mpaka ntchito yokonza ifike kukhitchini, malinga azilondera zipangizo ndi kuonetsa amisiri momwe mapaipi ndi mawaya anadutsa. Analembanso Christopher ganyu yothandiza amisiri, ndipo banja lonse la ku Tandale linkadya za pa ganyu imeneyo.

Motero amalume anakhala munthu wotsogolera amisiri chipinda ndi chipinda, kuwauza chinthu chilichonse kuti chinali cha chiyani, iwo n'kumvetsera, kugwedeza mitu, kenako n'kuchizula. Mbedza zinadulidwa kuti paikidwe siling'i yotsika. Timabowo ta mpweya tomwe tinali pamwamba pa makoma anatimata. A Filipo atanena kuti m'momwe kutentha kumatulukira, Laurent anayankha mofatsa kuti akuika makina oziziritsa, ndipo makinawo safuna mabowo. Mgolo unakwezedwa pangolo ya ogula zitsulo. Kachitseko ka kuseri kwa chimbudzi anakagumula ndi nyundo iwo akuonerera. Ndinkaganiza kuti pa chimenechi asangalala, koma anangotembenuka n'kukayamba kusanja nkhuni zomwe zinali zosanjidwa kale.

Ntchito itafika m'chipinda chodyera, azakhali anabwezedwa m'kachipinda ka zakudya. Bokosi la mabelu Laurent analikonda. Anati n'chinthu chakale chokongola, alipukuta n'kulipachika pamwamba pa malo ogulitsira mowa kuti alendo aziliona. A Filipo anamuuza kuti belulo likugwirabe ntchito. Laurent anati n'zabwino kwambiri, ndiye kuti silinawonongeke, ndipo anauza mmisiri kuti alizule mosamala. Sanamvane, ndipo amalume sanabwerezenso.

Kazenera nako kanayenera kutsekedwa, ndipo mmisiri wamkulu anapereka ntchitoyo kwa Christopher. Iye Chichewa ankamva chonse koma ankayankha m'Chiswahili nthawi zonse. Masana amenewo, pa nthawi yopuma, analowa m'khitchini, anaima pafupi ndi bambo ake, n'kulankhula Chichewa chokhotakhota.

"Ababa, andiuza nditseke apa. Ndikane?"

"Ukakana ana adya chiyani?" anatero a Filipo. "Tseka. Koma uike njerwa mowongoka, usandichititse manyazi."

Ndowa ya simenti anamugwirira iwo omwe.

Masiku otsatira ndinkamva kaphokoso m'kachipinda muja, gu, gu, gu. Chinali chidendene cha azakhali chikugunda simenti, kufunafuna kabatani. Amalume anawamangirira kuphazi chitini chokhala ndi timiyala, koma phokoso lake silinkafika panja, makamaka ndi nyundo za amisiri. Kawiri anawapeza atadziipitsira, misozi ikutsikira m'khutu. Amalume anasiya kutuluka. Nkhuni ndinkawaza ndine masiku omwe ndinalipo, koma katundu wanga anali atakwezedwa kale palole, ndipo ndinayenera kunyamuka.

Zotsalazo anandiuza ndi Christopher. Yomaliza kuchotsedwa inali sitovu. Inalowetsedwa khoma lisanamangidwe, ndipo pakhomo sikanatuluka, kotero anagwirizana zoiphwanya. M'mawa wa tsikulo a Filipo anaphikamo masikono komaliza, anagawira amisiri omwewo, n'kuwapempha kuti adikire izizire kuti angapse manja. Amuna atatu anaimenya ndi nyundo zazikulu mpaka madzulo. A Filipo ndi azakhali anasamuka mu Novembala. Katundu wawo yense anakwana pangolo imodzi yokoka ndi manja, ndipo azakhali anawagoneka kumbuyo kwa pikapu ya Laurent.

Ku Tandale Christopher ankachita lendi chipinda chimodzi m'nyumba ya mabanja asanu ndi limodzi, ya malata otsika oti ukatambasula dzanja umawakhudza. M'menemo munkagona anthu asanu ndi awiri. Makolo anapatsidwa mbali ya kukhoma, kuseri kwa chitenje. Pakhomo pankadutsa ngalande, ndipo phokoso la msika linkayamba kusanache. Ganyu ya Christopher inatha opaka utoto atafika. Mkazi wake anayamba kugulitsa tomato pamsika, ndipo amalume ankakhala m'chipindamo tsiku lonse, kukupiza akazi awo ndi chidutswa cha katoni.

Mu Epulo 1995, mvula ikugwa tsiku ndi tsiku, ndinali nditafika dzulo lake pamene dalaivala wa Laurent anaodira pakhomo. Galimoto anaisiya kumsewu poti kanjirako sikalowa galimoto. Anati mzee akufunika ku Kawe msanga, koma chifukwa chake sankachidziwa. A Filipo anaganiza chimodzi chokha, kuti malo odyera aja atsegulidwa ndipo akusowa khukhi wodziwa zachizungu. Anasolola sutikesi n'kutulutsa jekete loyera la mabatani amkuwa lomwe anali asanavale zaka khumi ndi ziwiri. Linali litachita chikasu m'mapindo, ndipo linkawakulira m'mapewa. Anameta ndevu mofulumira mpaka kudzicheka. Anagwada pafupi ndi azakhali n'kuwauza kuti zikayenda bwino akapempha kachipinda komweko. Kenako anandipempha kuti ndiwaperekeze.

Nyumbayo sindinaizindikire. Inali yapinki, mazenera a magalasi akuda, yozunguliridwa ndi mpanda wautali wa njerwa. Koma pabwalo lakutsogolo, poimika magalimoto, pansi panali patatitimira, madzi ali thithithi, ndipo tayala la lole yobweretsa zakumwa linali litamira theka. Amisiri anali atakumba malo atatu osapeza komwe madziwo akuchokera. Laurent, ali pansi pa ambulera, anapereka shikamoo n'kufunsa ngati pansi pamenepo panali chinthu.

A Filipo anayang'anayang'ana, anawerenga mapazi kuchokera pa nsanamira yachitatu, n'kuloza. Anati pamenepo pali thanki ya simenti yosungira madzi a mvula ochokera padenga, yomangidwa mipope isanafike kuno. Paipi yake yotayira madzi osefukira inkatulukira kumunsi kwa kamtunda, pomwe tsopano panadutsa maziko a mpanda. Amisiri anakumba pomwe amalume analozapo, ndipo fosholo inagunda chivindikiro. Zonsezi sizinatenge mphindi makumi awiri.

Laurent anathokoza kwambiri, anatuma kuti atipatse soda aliyense, n'kutembenukira kwa amisiri. Tinamwa titaima pansi pa kadenga ka mlonda. Amalume anadikira. Kudzera pa chitseko cha kumbali tinkaona ophika awiri a zipewa zazitali akukazinga pa gasi. Patapita nthawi amalume anatulukira pamvula, anapita kwa Laurent, anavula chipewa n'kunena kuti manja awo akadali olimba, ndipo amadziwa supu, nyama yootcha, ndi makeke a mitundu isanu ndi umodzi. Laurent anayang'ana jekete lija, ndipo ndinaona kuti apa m'pamene wazindikira chimene mkuluyu anabwerera. Anachita manyazi. Anati ophika amachokera ku sukulu ya mahotela ndi masatifiketi, ndipo amene amalemba si iye. Galimoto inali itatumidwa kwina, kotero anatipatsa yokwerera daladala.

Tili pasiteji amalume anavula jeketelo, analipinda, n'kuliika m'jumbo yanga. Tinabwerera ku Tandale. Titalowa, maso a azakhali anali pakhomo. Amalume anakhala pansi pafupi nawo, anawakonzera pilo, n'kunena kuti, "Ati tidikire kaye, amayi ake Christopher. Adzatiitana." Azakhali anayang'ana ine. Ine ndinayang'ana pansi.

Azakhali anamwalira mu Febuluwale chaka chotsatira, dzuwa lili pachimake, ndipo ine ndinamva patapita miyezi iwiri kudzera kwa dalaivala wa lole. Ndinapitabe ku Dar es Salaam mpaka 1998, pamene a zitenje tinachulukana ndipo ndinasintha geni. Pa ulendo womalizawo ndinawapeza a Filipo kumsika wa Tandale, kuseri kwa kanyumba ka munthu wokazinga tchipisi. Anali pakampando, thumba la mbatatesi lili pakati pa miyendo, akusenda kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka posinthana ndi chakudya cha masana ndi kangachepe kopita nako kunyumba. Maso anali atayamba kuchita ng'ala, moti ankasenda mongopapasa, koma makoko ankatuluka opyapyala, osaduka. Nditawapatsa moni anandifunsa za mayi anga ndi za mvula ya kwathu chaka chimenecho. Tisanalankhule zambiri, mwini tchipisi anaitana kuti m'beseni mwatha, ndipo amalume anandipempha kuti ndisunthe pang'ono, ndinkawatchingira kuwala.